Achemwali a ku Nkhotakota, ife injini tinagulitsa

Kalata yanu ndinaiwerengera pa depoti ya Kamuzu Road, ndipo maminibasi awiri a ku Senga Bay ananyamuka ine ndili chiimire, foni m'manja. Mwati bambo anu awapeza ndi khansa ya kummero, nsima sikudutsanso, ndipo msuweni wanu wa ku Joni akuti muwatengere kunja akaunikidwe ndi PET scan, makina oona khansa yonse. Mukufunsa ngati mugulitse dimba la mpunga, komanso ngati jakisoni wa nyukiliya amene amabaya kumeneko sangawamalize akuluwo.

Ndiyankha. Koma mundilole ndiyambe ndi achimwene anga.

Achimwene ndi msodzi wa usipa. Anali ndi boti lawolawo, injini ndi chilimira, ndipo anyamata asanu ndi mmodzi ankadyera pa iwo. Matenda anayamba ngati mwanabere pakhosi, wosapweteka n'komwe. Kenaka thukuta la usiku, loti alamu anga m'mawa uliwonse ankatulutsa matiresi kukayanika pa mpanda. Thupi linatha mpaka thalauza ankalimanga ndi chingwe cha ukonde. Pachipatala china anayeza makhololo osapeza kanthu, komabe anawayambitsa mankhwala a TB, miyezi 6. Anamwa mokhulupirika, osadumphitsa ndi tsiku limodzi lomwe, zotupa zili pomwepo. Pakati apo tinapitanso kwa sing'anga, amene anati ndi asodzi anzawo akuchita nsanje, mbuzi n'kupita. Ndalama ya mbuziyo ndinasonkha nawo ine, wophunzira wa pabanjapo, ndiye musaganize kuti ndikulankhula ngati wochenjera.

Anatipulumutsa ndi dokotala wina wachinyamata amene anangopapasa pakhosipo n'kufunsa kuti, "Kodi anadulako kanyama kukayeza?" Tinayang'anana. Palibe anali atatiuzapo zimenezo. Kanyamako anakatumiza ku Lilongwe, ndipo zotsatira zitabwera zinati Hodgkin lymphoma, khansa ya m'mianabere. Pafupifupi chaka chathunthu chinali chitapita.

Anayamba kemo yotchedwa ABVD, mankhwala anayi a m'dripi, kamodzi pa masabata awiri alionse. Msewu wa M14 ndinauloweza nthawi imeneyo, makamaka makhotolo a ku Mvera, kumene achimwene ankasanzira mujumbo pobwerera. Patatha miyezi iwiri dokotala anatchula za PET, mosakakamiza, kuti ngati banja lingakwanitse, ino ndiyo nthawi yake. Banja linakhala pansi. Injini inagulitsidwa kwa munthu wa ku Chipoka pa mtengo wa wogulitsa ali pamoto. Tinakwera basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, munthu wodwalayo atatsamira paphewa langa.

Tsiku lounikalo anati asadye kanthu kwa maola 6, madzi okha. Anawabaya pachala kuona shuga. Kenaka namwino anabwera ndi jakisoni wovekedwa chitsulo cholemera, n'kubaya mumtsempha, n'kusendera patali msangamsanga. Anawaika m'kachipinda kamdima pang'ono, kuwafunditsa bulangeti, n'kuwauza kuti akhale phee kwa ola lathunthu, osayenda, osayankhula. Achimwene amene ndikuwadziwa ine, oti amacheza ndi nkhuku zomwe akasowa munthu! M'makinamo anakhalamo mphindi zosapitirira 30. Atatuluka anandiyang'ana n'kuti, "Basi? Injini yanga yathera pamenepa?"

Ndinalibe yankho, ndipo ndi funso limenelo linandiyambitsa kuwerenga za zinthuzi.

Nkhani yake ndi ya shuga. Otto Warburg wa ku Germany anaona m'zaka za m'ma 1920 kuti maselo ambiri a khansa ndi adyera, amameza shuga kuposa maselo abwinobwino. Ndiye akatswiri anapanga shuga wonamizira wotchedwa FDG, womatidwa kachidutswa ka fluorine-18 kotulutsa cheza, ndipo anamuyesa koyamba pa anthu mu 1976 ku University of Pennsylvania. Selo ladyera limameza shugayo koma limalephera kumugaya, ndiye amangounjikana momwemo. Makina ozungulira thupi amatola chezacho, ndipo pachithunzi pamene shuga waunjikana pamaoneka ngwee. Masiku ano makinawa amawaphatikiza ndi CT, makina ena ojambula m'kati mwa thupi, kuti adziwe bwinobwino kuti kuwalako kuli pachiwalo chiti. N'chifukwa chake anawaletsa achimwene kuyankhula, poti mnofu ukamagwira ntchito nawonso umadya shuga n'kusokoneza chithunzi.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa zimene zimayenda pa WhatsApp. Nkhani ya Warburg sikutanthauza kuti mukawamana shuga bambo anu khansa ifa ndi njala. Thupi limapanga lokha shuga kuchokera ku zakudya zina, ndipo amene afooke ndi bambowo. Munthu woti nsima sikudutsa mpatseni phala lamadzimadzi la nsinjiro, lothira shuga, mkaka ndi dzira ngati zilipo.

Chimene chimadulitsa PET si makina okha ayi. Ogulitsa nsomba akudziwa za ayezi: ukamugula m'tauni uyenera kuthamanga naye, chifukwa pofika kunyanja watsala theka. Fluorine-18 ndi wotero. Pa mphindi 110 zilizonse mphamvu yake imatsika ndi theka. Sungamuitanitse pa sitima n'kumusunga m'kabati. Amapangidwa m'mawa womwewo m'chimakina chotchedwa cyclotron, chimene chiyenera kukhala pafupi, ndi magetsi osathimathima, ndi akatswiri ochisamala. Chipatala cha Aga Khan ku Nairobi chinayamba kuunika motere mu 2018, ndipo ku South Africa anayamba kale. Mukamva mtengo wake musadabwe.

Pepala la achimwene linalembedwa kuti Deauville 2. Deauville ndi tauni ya ku France kumene madokotala anagwirizana mu 2009 za sikelo yoyambira 1 mpaka 5, yoyerekeza kuwala kwa chotupa ndi kuwala kwa magazi a pachifuwa ndi kwa chiwindi. Pa Hodgkin, munthu akapeza 1, 2 kapena 3 atalandira kemo ya miyezi iwiri ndiye kuti mankhwala akugwira, ndipo mwayi wochira ndi waukulu. Kafukufuku wotchedwa RATHL, wa odwala oposa 1,000, amene anatuluka mu 2016, anaonetsa kuti anthu otere angathe kusiya bleomycin, mmodzi mwa mankhwala anayi aja, popanda kuchepetsa kwenikweni mwayi wawo. Bleomycin amaononga mapapo. Kwa munthu wokoka chilimira usiku wonse, mapapo ndiwo khasu lake. Dokotala wathu ataona pepalalo anauchotsadi mankhwalawo.

Ndiye inde, kwa ife chithunzicho chinasintha kanthu. Koma ndikamaganiza bwino mtima umandiwawa, ndipo ndinena mosapsatira: chimene chinatsala pang'ono kupha achimwene si kusowa kwa PET. Chinali chaka chija chimene palibe anadula kanyama, ntchito yochitikira konkuno, yosafuna pasipoti. Abale athu a kunja amatikonda, koma amakonda kutchula makina a mayina akuluakulu, ndipo ife kumudzi timamva ngati makinawo ndi mankhwala. PET sichiza munthu. Bambo anu akalowa m'makinamo nsima isakudutsa, adzatuluka isakudutsabe.

Ndiponso mawu oti imaona khansa yonse ndi bodza. Imaona dyera la shuga, basi. Thirani shuga pakhonde muone: kubwera nyerere, kubwera ntchentche, kubwera ndi mavu omwe. TB imawala. Bala kapena chithupsa chimawala. Mianabere ya munthu amene ali ndi HIV imatha kuwala popanda khansa. M'dziko ngati lathu, momwe TB ili paliponse, chithunzi chowala pachifuwa chingathe kuliza banja lonse maliro pachabe, ndipo mapeto ake dokotala adzanenabe kuti tidule kanyama. Ubongo umawala mwachibadwa, mtimanso nthawi zambiri. Chikhodzodzo chimawala chifukwa FDG amatuluka ndi mkodzo, zimene zikutikhudza ife a m'mbali mwa nyanja, kumene likodzo la zaka zambiri limabala khansa ya chikhodzodzo. Kwa khansa imeneyo kuunika ndi kachubu kokhala ndi kamera ndiko kumayambirira. Komanso tizotupa ta mamilimita ochepa, ndi khansa zina zosakonda shuga kwenikweni, zimatha kudutsa osaoneka.

Sindikunyoza sayansiyi, ine imandisangalatsa mpaka kundilanda tulo. Ofufuza tsopano akupanga timankhwala tosaka khansa ndi chizindikiro chake m'malo mwa shuga. Pa khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, pali chizindikiro chotchedwa PSMA. Akamata gallium-68, kachidutswa kena kotulutsa cheza, pa kamankhwala kokakamira pamenepo amaona kumene khansa yafalikira. Akamata lutetium-177 pa kamankhwala ka mtundu womwewo, chezacho chimakaotcha khansayo komweko. Ku America anavomereza chithandizo chimenechi mu 2022. Pulofesa Mike Sathekge wa ku University of Pretoria ndi anzake akhala akufufuza za kachidutswa kenanso ka cheza, actinium-225, pa matenda omwewa, kuno ku Africa konkuno. Ganizoli si lachilendo: ayodini wa cheza wakhala akuchiza matenda a chithokomiro kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Ndipo ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria, amapanga molybdenum-99 wobala technetium-99m, amene zipatala zambiri padziko zimaunikira mafupa. Ife tinakumba uranium ku Kayelekera kuyambira 2009 n'kumatumiza kunja, koma mwana wa msodzi akafuna kuunikidwa akwere basi masiku awiri. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingapse mtima.

Nanga jakisoni wa nyukiliyayo?

Musaope. Mlingo wake ndi wochepa, ndipo kusungunuka kuja n'kumene kumatithandiza: pakatha maola 19 mphamvu yotsala siifika gawo limodzi mwa magawo 1,000. Amauza munthu kumwa madzi ambiri, kukodza pafupipafupi, ndi kutalikirana ndi makanda komanso amayi oyembekezera kwa maola angapo. Achimwene madzulo ake anadya theka lathunthu la nkhuku. Ngati bambo ali ndi matenda a shuga muwauziretu achipatala. Chimene ndingaope ine pa munthu wofooka ndi ulendowo.

Za dimba. Pa khansa ya kummero PET imathandiza makamaka pamene madokotala akuganiza zochita opaleshoni kapena kuotcha khansayo ndi cheza pofuna kuichiziratu, ndipo akufuna kutsimikiza kuti sinafalikire patali. Ngati CT yaonetsa kale kuti yafika kuchiwindi kapena m'mapapo, chithunzi chodulacho chidzangobwereza zomwe zadziwika. Pitani ndi mapepala onse ku Cancer Centre ya ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central, mukafunse dokotala maso ndi maso: kanyama kanayezedwa? CT ikuti chiyani? PET ikawala muchita chiyani, ikapanda kuwala muchita chiyani? Akati chithandizo n'chimodzimodzi, dimba lisiyeni, ndipo mufunse za stent, kachitoliro kotsegula kummero kuti chakudya chizidutsa, za kuotcha, ndi za mankhwala oletsa ululu. Akati zisintha, akulembereni kalata yonena chimene akufuna kudziwa, musanyamuke ndi mawu a msuweni okha.

Achimwene ali moyo, akugwira ntchito pa boti la munthu wina ku Senga Bay. Nditawawerengera kalata yanu dzulo anakhala chete, kenaka anati ndikufunseni ngati bambowo mwawafunsa maganizo awo, poti dimbalo ndi lawo. Ife za injini tinawauza titagulitsa kale.