Nkhumba zam'tchire za ku Texas: bwanji osangodya m'malo mozitaya?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mchinji, mlimi wa nkhumba, akuti chaka china chigodola chinawamalizira khola lonse. Anaona vidiyo pa Facebook, anthu ali mu helikoputa akuwombera nkhumba zikuthamanga m'munda, zikugwa imodzi imodzi, kenako helikoputa ija nkumapita osatola olo imodzi. Funso lawo ndi ili: "Inu muli konko ku Texas, tatiuzeni zoona. Nyama yonse ija imangowolera pompo? Kulibe osauka kumeneko? Bwanji osaisenda nkugawira anthu, kapena kutitumizira kuno komwe ndiwo zikuvuta?"

Achimwene, poyamba pepani ndi khola lanulo, amene sanawetepo nkhumba sangamvetse kuwawa kwake kokwirira nkhumba zomwe wakhala ukuzinyamulira madeya miyezi ndi miyezi. Vidiyoyo si yabodza ayi. Zimachitikadi, ndipo boma la Texas linachita kukhazikitsa lamulo mu 2011 lolola munthu kulipira ndalama nkukwera helikoputa kukawombera nkhumba. Zambiri mwa nkhumba zophedwa chonchi zimasiyidwa pompo, miimba ndi ankhandwe akuno nkumadya. Inenso nditangofika kuno zinkandipweteka mtima zedi, mpaka pano zimandipwetekabe, kungoti pano ndikudziwako chifukwa chake nde ndikufotokozerani mmene ndikuonera ine.

Izi si nguluwe zathu zija, nguluwe ndi mtundu wina. Izi ndi nkhumba ngati zanu zomwezo koma zolowerera. Ku America kunalibe nkhumba, anabwera nazo ndi azungu a ku Spain, wina dzina lake Hernando de Soto anatsika nazo ku Florida mu 1539, nde kwa zaka mazana anthu ankangozisiya zizidzidyera zokha kutchire, zina osabwereranso kukhola. Kenako chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anthu okonda ulenje anabweretsanso nkhumba zakutchire za ku Europe kuti aziwombera mongosangalala, zinathawa m'mipanda nkukwerana ndi zolowerera zija. Chotuluka chake ndi chinyama chaubweya wambiri, champhuno yaitali, chamano otuluka, chochenjera koopsa. A unduna wa zaulimi kuno, USDA, amati zilipo zoposa 6 miliyoni m'ma state osachepera 35, ndipo Texas yokha akuti ili ndi pafupifupi 2.6 miliyoni, zikupezeka m'maboma 253 mwa maboma 254. Zomwe zimaononga pa chaka amaziwerengera mpaka madola 2.5 biliyoni. Zimafukula chimanga usiku womwe wabzala, kutsata mzere ngati zinaliko pobzala, zimadya mtedza, mpunga, tiana ta mbuzi ndi nkhosa, mazira a mbalame zoikira pansi, zimadetsa mitsinje, magalimoto amaziwomba pamsewu usiku anthu nkuvulala.

Inu monga mlimi masamu ake mukuwadziwa kale. Bere la nkhumba ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Yaikazi yakutchireyi imatha kutenga bere isanakwanitse ndi chaka chomwe, imaswa ana asanu, asanu ndi mmodzi, nthawi zina kuposa pamenepo, ndipo chakudya chikakhala chambiri imatha kuswa kawiri pa chaka. Akatswiri a ku yunivesite ya Texas A&M anawerengera kuti pofuna kuti chiwerengero chingoima pamodzi, osati kutsika ayi koma kungoima, pafunika kupha nkhumba ziwiri pa zitatu zilizonse chaka ndi chaka. Zomwe zimaphedwa sizikwana olo imodzi pa zitatu. Nde munthu wa mu helikoputa uja sakusaka ndiwo, akuthamangitsana ndi masamu amenewa, helikoputa imadya ndalama zambiri pa ola ndipo akati atere pansi kuti atole nkhumba imodzi yomwe yagwera m'zitsamba zaminga, zinzake makumi awiri zalowa m'nkhalango.

Koma chomwe chimatsekereza kwenikweni ndi lamulo la nyama. Kuno kuli lamulo lakale la 1906, Federal Meat Inspection Act, limati nkhumba iliyonse yoti nyama yake igulitsidwe iyenera kuonedwa ndi woyeza wa boma ili yamoyo, ikuyenda, kenako ayezenso nyama yake ikaphedwa. Lamuloli silisiyanitsa yam'khola ndi yam'tchire, nkhumba ndi nkhumba basi. Ndiye yowomberedwa kumunda ija, olo ikhale yonona bwanji, sungaigulitse mu butchala kapena mu lesitilanti. Ukhoza kudya wekha ndi banja lako, kupatsako anzako, zathera pomwepo. Mwafunsa ngati kulibe osauka, alipo achimwene, ambiri, mizere ya magalimoto pa malo ogawira chakudya ndimaiona ndi maso angawa. Kuli ndi pulogalamu yotchedwa Hunters for the Hungry, alenje amapereka nyama ya agwape omwe apha nkukagawidwa kwa ovutika, koma ya kuno ku Texas nkhumba zam'tchire salandira chifukwa cha malamulo omwewa. Apa mpamene ine pamandiwawa kwambiri, njala ili apa, nyama ili apo, pakati pali pepala.

Komabe pepalalo silinangolembedwa mwachipongwe. Nkhumba zimenezi zimanyamula matenda. Pali brucellosis, amalowa kudzera m'magazi ndi madzi am'thupi mwa nkhumba ukamasenda uli ndi kabala kumanja kapena zikakuthovukira m'maso, ndipo amayamba ngati malungo, kutentha thupi kopita nkubwera, thukuta usiku, kuphwanya m'mfundo, mankhwala ake umamwa masabata angapo. Pali tinyongolotsi ta trichinella tobisala mu mnofu, tina mwa ito sitifa olo nyama uiwumitse mu filiji. Pali pseudorabies, munthu samuvuta koma galu akadya nyama yaiwisi yake amafa m'masiku ochepa. Onjezerani kutentha kwa kuno, miyezi ya June mpaka August kumapyola madigiri 38, nkhumba yoti yawomberedwa m'mimba nkugona padzuwa maola awiri atatu osatumbulidwa, imeneyo si ndiwonso, olo kwathu simungaipatse mwana.

Tsono sikuti zonse zimatayidwa. Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndekha. Mnzanga wina wa kuntchito, amalume ake ali ndi famu chakum'mawa kwa Dallas, anandiimbira foni m'mamawa wina wa January kuti ngati ukufuna nyama bwera pompano ndi cooler. Nditafika anayamba andionetsa dambo lomwe amadula udzu wa ng'ombe, linali lotembenuzika ngati wina wadutsamo ndi thirakitala usiku, maenje ofika m'mawondo. Msampha wake ndi khola lozungulira la mawaya olimba, anakhala akuthiramo chimanga pafupifupi masabata awiri chitseko chili chotsegula kuti nkhumba zizolowere, pamtengo pali kamera yotumiza zithunzi pa foni. Madala aja amadikira mpaka gulu lonse lilowe, yomaliza ikangolowa amadina pa foni ali pabedi kunyumba chitseko nkugwa. Akuti ukatsekera theka, zotsalazo zaphunzira, sizidzayandikiranso khola moyo wake wonse. Tsiku limenelo munali khumi ndi zinayi. Anaziwombera m'mutu imodzi imodzi, mwachangu, ine ndinasankha ziwiri zazikazi zocheperako, mnzanga anatenga zitatu, aneba ena awiri anabwera kudzatengako.

Tinazipachika pamtengo miyendo m'mwamba. Ine ndimafuna kuwawula ngati kwathu kuti chikopa tidye, madala aja anakaniza, akuti taona kaye, nditayang'anitsitsa kukhwapa ndi kuseri kwa makutu kunali nkhupakupa zokhuta ndi nsabwe zikuluzikulu, matope ouma mpaka pakhungu. Nde kuno amasenda chikopa chonse ngati mbuzi. Anandipatsa magolovesi awiri awiri ndi magalasi, ndinavala osatsutsa, paja phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Pasanathe ola nyama inali mu ayezi. Ndi yofiirira kuposa ya m'khola, mafuta ochepa, ukaiotcha mwachangu ngati kanyenya imauma gwa, imafuna moto wapansipansi. Ndinaiphika maola atatu ndi anyezi, tomato, adyo ndi tsabola pang'ono mpaka kumasiyana ndi fupa yokha, nsima pambali, ana anga anapempha kuonjezera. Lamulo la m'nyumba mwanga ndi loti mkati mwa nyama mufike madigiri 71, ndili ndi kachipangizo kobaya koyezera, yofiira mkati sitidya. Koma zimphongo ziwiri zikuluzikulu zija palibe anazifuna, fungo lake inu mukulidziwa la nkhumba yosathena, anazikoka ndi thirakitala kukataya kudzenje pamodzi ndi zina zomwe zinasowa wotenga. Ndinaima nkumayang'ana, mumtima ndikuwerenga mabanja a kwathu omwe akanadya mwezi wathunthu.

Njira yogulitsa iliponso koma ndi yopapatiza. Ukagwira zamoyo ukhoza kupita nazo kumalo ogulira ovomerezeka ndi nthambi ya boma yoona zaumoyo wa ziweto, Texas Animal Health Commission, amakulipira potengera kulemera kwake, kandalama kochepa, ndipo iwo amazipititsa kophera komwe kuli oyeza a boma. Nyama yambiri yotere imapita ku Europe komwe amaikonda ndipo amaigula modula, ina imalowa m'malesitilanti akonkuno, ku Austin kuli ina yotchedwa Dai Due ya mkulu wina wophika, Jesse Griffiths, amene wakhala zaka zambiri akuphunzitsa anthu kusenda ndi kuphika nkhumba zimenezi. Koma tangoganizani kukweza nkhumba yolusa ya makilo 80 mu ngolo, kuyenda nayo mtunda wautali, mafuta a galimoto, tsiku lonse lapita, alimi ambiri amangoti bola chipolopolo.

Tsono apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa mpamene maganizo anga anasinthira. Poyamba ndinkati yankho ndi losavuta, ikani mtengo wabwino pa nkhumbazi anthu azimaliza okha. Koma nkhumba ikangosanduka ndalama, anthu safunanso kuti ithe. Ku Fort Benning, malo a asilikali ku Georgia, mu 2007 anayamba kulipira munthu aliyense wobweretsa mchira wa nkhumba, mpaka madola 40 mchira umodzi. Michira inabwera yambiri koma ofufuza atawerenga anapeza kuti nkhumba zachuluka m'malo mochepa, chifukwa anthu amathira zakudya zambiri kutchire zokopera nkhumba, zomwe zinadya nkuthawa zinanenepa nkuswa kwambiri, ndipo ena michira amakaipeza kwina. Ku Tennessee mu 1999 analola kusaka nkhumba dera lonse popanda malire, poganiza kuti zitha. Zinali m'maboma ngati 15, pofika 2011 zinali zitafika m'maboma pafupifupi 80 mwa 95. Nkhumba siziuluka achimwene, anthu amazinyamula usiku pa galimoto nkukazitaya kufupi ndi kwawo kuti azikhala ndi zosaka. Tennessee inachita kubweza lamulolo. Missouri nayo mu 2016 inaletsa kusaka nkhumba pa malo a boma osungirako zachilengedwe, uthenga wawo unali woti ukaiona nena, usawombere, chifukwa mlenje mmodzi wofuna ndiwo amapha imodzi nkubalalitsa gulu lomwe otchera misampha akhala akulinyengerera masabata. Konkuno ku Texas kuli eni malo omwe masana amadandaula za nkhumba, madzulo akulipiritsa alendo kuti adzasake, munthu wotere angafune zithe?

Nde ine maganizo anga ndi awa. Kudya tidye ndithu, nkhumba yogwidwa mumsampha nthawi yozizira, yophedwa bwino, yolowa mu ayezi msanga, kuitaya ndi tchimo ndipo sindisintha mawu pamenepa. Ndikanakonda boma litaika ndalama pa malole okhala ndi zophera ndi filiji, woyeza nyama ali momwemo, ofika pa msampha pomwepo kuti ayeze nkhumba zili zamoyo monga lamulo likufunira, nyamayo nkupita kwa anthu a pamzere aja. Koma wolipidwa azilipidwa chifukwa munda wakhala opanda nkhumba, osati chifukwa cha makilo omwe wabweretsa. Zina zidzatayidwabe, za helikoputa zija, za mwezi wotentha, komanso zakupha ndi poizoni, chifukwa kuli mankhwala a warfarin omwe anawapanga kuti mafuta a nkhumba yomwe yadya mankhwalawo azisanduka a buluu, cholinga munthu akatumbula adziwe kuti iyi si yodya.

Zotumiza ku Malawi zija, ayi achimwene, ndipo inuyo ndi amene mukanayamba kulira. Mtengo wa filiji kuchokera ku Houston kudutsa panyanja mpaka ku Beira kapena Nacala, kenako pamsewu, ukhoza kugula nkhumba zambirimbiri kwa alimi a konko. Ikabwera yaulere kapena yotchipa, kapado wanu pa msika wa Kamwendo mugulitsa kwa ndani? Kuonjezera apo mukhoza kulowetsa matenda omwe makola anu sanawaonepo. Ndipo mudabwa kumva kuti chomwe alimi a nkhumba kuno amaopa kwambiri ndi chigodola chanu chomwecho. Mu 2021 chinapezeka ku Dominican Republic ndi Haiti, osati kutali kwenikweni ndi Florida, ndipo aliyense akudziwa kuti chikangolowa mwa nkhumba 6 miliyoni zopanda khola ndi mwini, palibe angazitsekere kapena kuziletsa kuyenda ngati mmene a zaziweto amatsekera misika kwanuko. Nchifukwa chake pa eyapoti kuno agalu amanunkhiza zikwama, ndipo soseji kapena nyama yowamba ya nkhumba yochokera kunja amalanda pompo.

Mundilembenso mundiuze ngati munayambiranso kuweta chigodola chija chitadutsa, komanso khola munalisiya lopanda kanthu miyezi ingati musanaikemo zina.