Mafunso Anu pa Zoyimba: Deep Purple mu Situdiyo ndi pa Nsanja

Funso: Zikomo akonzi. Ndili ndi zimbale ziwiri za gulu loyimba la Deep Purple, Machine Head ndi Made in Japan. Nyimbo zinayi zikupezeka monsemo, koma sizikumveka mofanana. Space Truckin' m'chimbale choyamba ikutha mphindi zinayi ndi theka, m'chachiwiri ikufika pafupifupi 20. N'chifukwa chiyani, nanga yeniyeni ndi iti?

Yankho: Zonse ndi zenizeni, akulu. Oyimba ndi omwewo asanu: Ian Gillan pa mawu, Ritchie Blackmore pa gitala, Jon Lord pa limba la Hammond, Roger Glover pa besi ndi Ian Paice pa ng'oma. Ngakhale injiniya ndi mmodzi, Martin Birch. Chasiyana ndi kajambulidwe.

Machine Head inajambulidwa mu Disembala 1971 ku Montreux, m'dziko la Switzerland. Gululi linabwereka lole ya gulu la Rolling Stones yokhala ndi makina ojambulira, pofuna kugwirira ntchito mu kasino wa mumzindawo. Pa 4 Disembala kasinoyo anapsa woyimba wina, Frank Zappa, ali pa nsanja, ndipo nyimbo ya Smoke on the Water imafotokoza moto umenewu. Atasamukira mu holo ya Pavilion, anthu oyandikana nayo anadandaula za phokoso mpaka apolisi anabwera. Mapeto ake anatchera zida m'kolido ya Grand Hotel, yomwe inali yotseka nyengo yozizira, n'kutchinga ndi matiresi kuti mawu asamawirikize.

Ngakhale malo anali otero, inali ntchito ya situdiyo ndithu. Nyimbo ikalakwika ankaiyambanso, ndipo mawu a Gillan ndi magitala ena ankawaonjezera pamwamba pambuyo pake. Tcherani khutu pa Highway Star pamene Blackmore akuliza yekha: pena mumva magitala awiri akuyendera limodzi, lina pamwamba lina pansi. Onsewo ndi munthu mmodzi, anangojambula kawiri.

Made in Japan ndi ya pa shoo: 15 ndi 16 Ogasiti 1972 ku Osaka, kenako 17 Ogasiti mu holo ya Budokan mumzinda wa Tokyo. Pa nsanja gitala ndi limodzi, choncho Blackmore akayamba kuliza yekha pansi pake pamatsala mpata. Wotseka mpatawo ndi Lord, yemwe nthawi imeneyi ankalumikiza limba lake ku ampulifaya ya Marshall kuti lizilira mwaukali ngati gitala lachiwiri. Apa ndiye pagona kukoma kwa chimbalechi. Nyimbo zimatalika chifukwa anthuwa ankapeka pomwepo, akuyankhana. Lazy inachoka pa mphindi 7 kupitirira 10, The Mule inasanduka bwalo la ng'oma za Paice, ndipo mu Strange Kind of Woman gitala limaponya kachidutswa, Gillan n'kukabweza ndi mawu ake ndendende.

Makina ojambulira a ku Japan anali a matiraki 8 okha, kutanthauza njira 8 zosungiramo mawu paderapadera. Gawani nokha: mawu, gitala, limba, besi ndi khamu la anthu, ndiye ng'oma zonse zigawane otsalawo. Komanso pa nsanja mayikolofoni iliyonse imatola za anzake. Ya woyimba imalowetsa ng'oma ndi gitala lomwe. Mukati mufufute gitala lolakwika n'kuikapo lina, lakalelo limamvekabe chapansipansi m'matiraki enawo. Pa chimbalechi sanaonjezerepo kanthu mu situdiyo. Anangosankha pomwe nyimbo iliyonse inayenda bwino: zinayi za pa 16, Smoke on the Water ya pa 15, The Mule ndi Lazy za ku Tokyo.

Ife timati Machine Head imakuphunzitsani nyimbozo, koma luso la gululi lili mu Made in Japan. Muzimvetsere motsatizana, kuyamba ndi cha mu situdiyo, kuti muzindikire zomwe akusintha.

Funso: Made in Japan yanga ndi ya mbale zakuda za galamafoni. Nyimbo ndi 7 zokha koma mbale ndi ziwiri. Chondivuta n'chakuti singano ikamayandikira pakati, mawu amayamba kuthetheka. Kodi mbale zanga zatha?

Yankho: Musafulumire kuzitaya. Mbali imodzi ya mbale ya mainchesi 12 imanyamula bwino mphindi 20 kapena 22. Kupitirira apo, wodinda amayenera kuthinitsa timizere, zomwe zimachepetsa besi ndi mphamvu ya mawu. Chimbalechi chimapitirira mphindi 75, ndiye chinafunika mbali zinayi, ndipo Space Truckin' inadzitengera yachinayi yonse.

Kuthetheka kwa chapakati n'chibadwa cha mbale zamtunduwu. Mbale imazungulira maulendo 33 ndi pang'ono pa mphindi, koma m'mphepete mzere umadutsa pansi pa singano masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, pamene chapakati ndi 20 okha kapena kuposerapo pang'ono. Mawu omwewo apanikizidwa pa malo ochepa, ndipo oyamba kuvutika ndi okwera: zitsulo za ng'oma ndi kukuwa kwa Gillan.

Vutoli limakula singano ikakhala yakuda, yakutha kapena yopendekeka. Yambani ndi kuipukuta ndi kaburashi kofewa, kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, osati cham'mbali chifukwa mungapinde kamtengo kake. Kenako yezani kulemera komwe ikukanikizira pa mbale pogwiritsa ntchito kasikelo kake. Zambiri zimafuna pakati pa magalamu 1.5 ndi 2.5, koma tsatirani nambala ya wopanga. Ambiri amaipeputsa poganiza kuti akusunga mbale, pamene singano yopepuka kwambiri imadumphadumpha mumzere n'kuukanda. Ngati yagwira ntchito maola oyandikira 1,000, isintheni. Mukachita zonsezi koma kuthetheka kukumvekabe pa malo omwewo, pamene mbale zina zikulira bwino, ndiye kuti mzerewo unaperepeseka kale ndi singano yakutha, ndipo umenewo sukonzeka.

Funso: Ndapeza Made in Europe ndikuyembekeza kumva Gillan, koma mawu ndi a munthu wina. Kodi ndi chimbale chachinyengo?

Yankho: Ayi, n'cha Deep Purple ndithu. Gillan ndi Glover anachoka mu 1973, ndipo m'malo mwawo munalowa David Coverdale ndi Glenn Hughes. Made in Europe inajambulidwa mu Epulo 1975 ku Graz, Saarbrücken ndi Paris, pa mashoo omaliza Blackmore asanachoke kukayambitsa gulu la Rainbow, ndipo inatuluka mu 1976. Nyimbo zake n'zochokera mu Burn ndi Stormbringer, zimbale za mu 1974. N'chabwino, makamaka nyimbo ya Mistreated, koma sichifika pa cha ku Japan.

Pa gulu ngati ili, losintha anthu kawirikawiri, muziwerenga tsiku lojambulira kuseri kwa chikuto, osati chaka chotulukira. Mukafuna Gillan ali ndi Blackmore, fufuzani zojambulidwa kuyambira pakati pa 1969 mpaka pakati pa 1973: za mu situdiyo ndi In Rock ya 1970, Fireball ya 1971, Machine Head ya 1972 ndi Who Do We Think We Are ya 1973. Asanu a mu zimbale zimenezi anabwereranso mu 1984 ndi Perfect Strangers. Za ku Japan zoonjezera ziliponso: Live in Japan ya 1993, ya ma CD atatu, ili ndi nyimbo zambiri za masiku atatu aja, ndipo Made in Japan yokonzedwanso mu 1998 inaonjezera Black Night, Speed King ndi Lucille, zomwe ankatsekera nazo shoo.