Musanawagulire mayi foni, yambani mwawerenga mapiritsi awo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25. Mayi awo ali ndi BP ndi shuga, iwo amalawirira kuntchito n'kubwera kutada, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kuwagulira foni yamakono n'kuikamo pulogalamu yowakumbutsa kumwa mankhwala. Ndinaiwerenga ndili pa windo la famase kuntchito, ndipo ndinaitseka osayankha. Yandisowetsa mtendere sabata yonse, achemwali, chifukwa zomwe mukufuna kuchitazo ine ndinachita kale ndi bambo anga.

Bambo atawapeza ndi BP, ndinkaona kuti nkhaniyi ndi yanga. Pabanja pathu wodziwa za mankhwala ndine, ndipo ndikhala ku Lilongwe kuno pomwe iwo ali kumudzi, njira ya ku Mchinji. Ndinawagulira foni, ndinaikamo pulogalamu yolira 6 koloko m'mawa, ndinawaphunzitsa podina akamwa. Akapanda kudina, uthenga unkabwera pafoni yanga. Kwa miyezi 8 uthengawo unangobwera kawiri, ndipo maulendo onse awiri linali vuto la batire. Mtima wanga unali m'malo. Ndikawaimbira ndinkafunsa za mvula, za fetereza, za mbuzi. Za mankhwala ndinasiya kufunsa, poti foni inali itandiyankha kale.

Loweruka lina mlongo wanga anaimba akulira. Bambo agwa pakhonde, pakamwa papotoka, dzanja lamanja silikugwira. Za kuchipatala sindifotokoza zambiri, amene anakhalapo gadiyani akudziwa. Chomwe sindidzaiwala ndi tsiku lachitatu, mayi atabwera ndi katundu wochokera kunyumba. M'chitenje anamangamo kachitini kakale ka mafuta odzola, komwe bambo ankasungiramo mankhwala. Nditatsegula ndinapeza lezala, ndi mapiritsi odulidwa bwinobwino pakati. Ena anali odulidwa panayi, tizidutswa tating'ono ngati misere ya mpunga.

Mayi ndi amene anandiuza. Mwezi wina, foni ija ndisanawagulire, bambo analipira kabaza, anakhala pamzere mpaka masana, pa windo n'kuuzidwa kuti mankhwala awo atha, akagule. Ndalama yogulira analibe, ndipo anatha masabata atatu osamwa kanthu. Kuyambira pamenepo anaganiza zosunga, a mwezi umodzi azikwana miyezi iwiri. Ine sanandiuze chifukwa ndinkalipirira adzukulu awo fizi. Akuti ankati, "Mwana uja ali ndi zambiri, musamuvutitse." Ndipo foni ija sankainamiza ayi. Ikalira ankamwadi, n'kudina. Inkafunsa ngati amwa, sinkafunsa kuti amwa wochuluka bwanji. Bambo alipo, akuyenda ndi ndodo, mawu amatuluka pang'onopang'ono. Khasu anasiya.

Tsono ndinene mosabisa. Anthu opanga mapulogalamuwa amayamba ndi ganizo lakuti wodwala amaiwala. Ine pa windo ndaima zaka zambiri, ndipo oiwala enieni ndi ochepa. Wina amasiya chifukwa mutu waleka kupweteka, ndiye akuti BP yatha, pomwe BP nthawi zambiri simveka m'thupi mpaka itagwetsa munthu. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza kuti mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide samwa masiku a msika, chifukwa amakodzetsa ndipo chimbudzi cha pamsika n'cholipira. Wina metformin, mankhwala a shuga, anamutsegula m'mimba sabata yoyamba, palibe anamuchenjeza kuti zimachitika ndiponso kuti kumwera pa chakudya kumathandiza, basi anataya. Wina anauzidwa kumapemphero kuti wachira. Anthu onsewa muwaikire alamu yolira ngati belu la tchalitchi, palibe chisinthe.

Musandimve ngati wodana ndi makina. Ndimawakonda, ndipo chimandiwawa n'chakuti dziko lino linayamba kalekale kupanga makina oyenera, koma sanafike kwa odwala ngati bambo anga. Cha mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, a bungwe la Baobab Health anayamba kuika makompyuta ongodina ndi chala pagalasi. Kachizindikiro ka mizeremizere komwe mumaona pa kasitika m'buku la kuchipatala kanachokera kumeneko. Njira imeneyi inakula kwambiri m'zipatala zolandirirako ma ARV. Munthu akabwera, amawerenga mapiritsi omwe atsala m'botolo, namwino n'kulowetsa nambalayo. Kompyuta imadziwa tsiku lomwe analandira ndi kuchuluka kwake, ndiye imaonetsa yokha ngati wakhala akudumphitsa, n'kuwerengeranso tsiku lodzabwera mankhwala asanathe. Funso lake ndi lomwe ine sindinafunse miyezi 8 yonse: atsala angati? Bambo akanakhala mu dongosolo lotere, lezala lija likanaoneka mwezi woyamba.

A Lighthouse, bungwe losamalira anthu omwe ali ndi HIV, amene ali ndi Martin Preuss Centre pa Bwaila, anafika poyesa mameseji oyankhana. Wodwala amakumbutsidwa tsiku lobwera, ndipo akayankha kuti sakwanitsa, munthu weniweni amaona n'kumusinthira tsiku. Kusiyana kwake ndi pulogalamu ya bambo ndi kumeneko, kuti kumapeto kwa meseji kuli munthu woti achitepo kanthu. Kuyambira cha mu 2019, amene akuyenda bwino pa ma ARV amalandira a miyezi 6 kamodzi. Ine ndimanena, ndipo sindidzasiya kunena, kuti wa BP ndi wa shuga akuyenera zomwezo. Nawonso amamwa moyo wawo wonse. Kumuyendetsa gogo mwezi ndi mwezi, kulipira thiransipoti asakudziwa ngati akapeza mankhwala, ndiko kumamuphunzitsa kudula mapiritsi.

N'chifukwa chake ndimati makina ofunika kwambiri kwa mayi anu si amene ali m'thumba mwawo, koma amene ali kuseri kwa windo, m'chipinda chosungira mankhwala. Pali cStock, yomwe inayamba mu 2011. Mlangizi wa zaumoyo kumudzi amatumiza meseji pa foni wamba ya mabatani, kunena kuti LA watsala mwakuti, ORS mwakuti, zinc mwakuti. Kompyuta imawerengera zomwe akufunika, n'kudziwitsa a pachipatala chaching'ono kuti alongedze, ndipo zikakonzeka mlangizi amalandira uthenga kuti abwere. Asanayambe zimenezi, munthu ankapalasa njinga mtunda wautali n'kukapeza kulibe kanthu. Palinso OpenLMIS, yomwe boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2017 potumiza malipoti a mankhwala kuchokera m'zipatala. Amene anadzazapo makadi a sitoko pamanja kumapeto kwa mwezi, kuwerenga botolo ndi botolo mpaka usiku, akudziwa kufunika kwake. Lipoti likafika msanga, zimaoneka kuti chipatala ichi chili ndi mankhwala ambiri oti atha mphamvu posachedwa pomwe china chapafupi chilibe, n'kugawana. Ngakhale ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa zija, zomwe boma ndi UNICEF anatsegulira malo oyesera ku Kasungu mu 2017, ntchito yake ndi yomweyi, kuti chinthu chifike komwe msewu wadulidwa ndi mvula.

Koma kompyuta sipanga mankhwala. Pafupifupi onse timaitanitsa kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa, lipoti limangotiuza molondola kuti mashelefu ali mbee. Chomwe ndimalakalaka n'chaching'ono: wodwala azitha kudziwa asanakwere kabaza. Meseji imodzi yokha, "mankhwala anu afika" kapena "dikirani kaye". Alangizi akuilandira kale. Bambo anga akanailandira, sakanataya ndalama ya ulendo tsiku lija, ndipo mwina mantha aja sakanawalowa.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa anzanga a ntchito amawerenganso pano, ndipo ena achinyamata amaopa kuti makina atilanda ntchito. Ine foni ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pa windo. Munthu akabwera ndi mankhwala a mitundu 6, ndimaona msanga ngati ena sakulimbana. Dolutegravir, amene ali mu ma ARV a anthu ambiri masiku ano, salowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi mankhwala a magnesium a chilungulira, ndipo amachulukitsa metformin m'magazi. Kale zoterezi zinkafuna kuvundukula buku lonenepa, mzere uli mpaka panja. Pano ndi mphindi imodzi. Mphindi zopulumukazo ndi zomwe ndimapatsa agogo amene abwera ndi jumbo yodzadza timapepala ta mankhwala, akale ndi atsopano osakanikirana. Timakhuthula pa tebulo, timasankha, otha ntchito ndimachotsa, pa otsalawo ndimajambula dzuwa ndi mwezi. Kenako ndimati, "Agogo, tandiuzeni inuyo, mawa m'mawa mumwa ati?" Akaloza olakwika timayambiranso. Bwana amene amagula kompyuta kuti wogawa mankhwala azithamangitsa anthu ambiri pa ola, osati kuti azilankhula nawo, wawononga ndalama. Ndipo magetsi akazima kapena netiweki ikagwa, timabwerera ku cholembera, choncho wophunzira ntchitoyi asaleke kuwerengera mlingo pamutu ndi papepala.

Za ogulitsa mankhwala pa WhatsApp

Simunafunse izi, koma foni ikangolowa m'nyumba zimabwera zokha. Kutumiza chithunzi cha pepala la dokotala ku famase yomwe mumaidziwa, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, wa njinga yamoto n'kubweretsa, palibe cholakwika, ndipo kwa inu wotanganidwa n'kothandiza. Koma ikhale famase yokhala ndi nyumba yake, yomwe munalowamo n'kuona chiphaso cha a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Amene amangoika nambala m'magulu, kulonjeza mankhwala "ochotseratu shuga", kapena kugulitsa amoxicillin osafunsa pepala, athaweni. Shuga ndi BP timaziweta, sitizichotsa ndi botolo limodzi. Ndaonapo anthu atasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mabotolo amenewa, n'kubwera mwendo uli ndi bala losapola. Zimandipsetsa mtima kwambiri chifukwa ogulawo amakhala ana okonda makolo awo, ngati inu.

Tsono achemwali, foni yamakono musagule chifukwa cha izi zokha. Ngati mayi ali ndi ya mabatani, alamu yake ndi yokwanira, ndipo batire lake limakhalitsa. Muitchere pa nthawi ya chakudya, osati pa ola longosankha, makamaka ngati amamwa glibenclamide wa shuga, chifukwa kumwa ameneyu osadya kumagwetsa shuga mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta ngakhale kukomoka. Ndalama ya foniyo gulani kabokosi ka zipinda 7 ka masiku a sabata ndi makina oyezera BP a pamkono, zotsatira muzilemba kumapeto kwa buku lawo la kuchipatala kuti adokotala aziona. Lamulungu lililonse khalani nawo pansi, mudzaze kabokosiko limodzi, muwerenge otsala m'botolo. Akachuluka kuposa mmene ayenera kukhalira, musawakalipire. Afunseni modekha kuti mankhwalawa akuwatani, ndipo muwauze momveka kuti tsiku lomwe adzabwezedwe pa windo akuimbireni pomwepo, ngakhale mwezi uli pakati. Mukakhala ndi funso ndipo kuchipatala kuli kutali, imbani 929, Chipatala cha pa Foni chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, amayankha ndi azaumoyo. Koma mukadzaona pakamwa papotoka, dzanja lalefuka kapena mawu akusokonekera, musaimbe kufunsa, pezani galimoto nthawi yomweyo.