Kachilombo ka michira iwiri kapansi pa mwala

Achemwali, mwafunsa ngati kachilombo kamene ana anu anakapeza atagubuduza mwala mu mtsinje wa Likhubula ku Mulanje n'koopsa. Ayi, kalibe ululu. Pachithunzi chanucho ndikuona thupi lophwatalala, michira iwiri yaitali ndi timaubweya m'mbali mwa miyendo. Ameneyo ndi mwana wa kachilombo kamapiko kotchedwa stonefly pa Chingerezi, ndipo timaubweyato ndi tomwe amapumira m'madzi. Kumadera otentha a Africa kuno timapeza gulu lotchedwa Neoperla, pomwe padziko lonse mitundu ya stonefly imaposa 3,000.

Moyo wake wambiri umathera pansi pa miyala. Mazira amaikiridwa m'madzi, ana akaswa amakakamira pamwala ndi zikhadabo ziwiri za kumwendo uliwonse kuti madzi othamanga asawakokolole. Amakula pofundula khungu, kambirimbiri ndithu, ndipo kumaiko ozizira ena amatha zaka 3 asanatuluke. A Neoperla ndi alenje, amasaka tiana ta tizilombo tinzawo, nawonso n'kudyedwa ndi nsomba. Akakhwima amakwera pamwala wouma, kawirikawiri usiku, khungu n'kung'ambika kumsana, wamapiko n'kusololoka. Mukapitanso kumeneko muyang'anitsitse pamiyala ya m'mphepete, mwina mudzaona zikhungwa zouma zitakakamirabe, miyendo yonse ili pomwepo, msana uli wong'ambika. Wamkuluyo sauluka patali, amakhala masiku kapena masabata ochepa, kukwerana, kuikira mazira, basi.

Chandisangalatsa ine n'chakuti mwamupeza. Kachilomboka kamafuna madzi ozizira, othamanga, a mpweya wambiri. Mpweya ukachepa, kamayamba kunyamutsa thupi n'kulitsitsa mobwerezabwereza kuti madzi adutse pa timaubweya tija. N'chifukwa chake akatswiri oyeza mitsinje amakondwa akakapeza. Mitengo ya m'mphepete ikagwa kuti awotche makala, dzuwa limatenthetsa madzi. Kulima mpaka m'gombe kumabweretsa dothi lomwe limatseka mipata ya pansi pa miyala momwe iko kamabisala. Mankhwala opopera mbewu akatsikira mu mtsinje amamaliza zotsalazo, ndipo stonefly amakhala m'gulu la oyamba kusowa.

Koma musatengere pamenepo n'kumamwa madziwo osaphitsa, poti majeremusi otsegula m'mimba angakhalemo ngakhale kachilomboka kali bwinobwino. Anawo muwauze kuti akatha kuonerera azibwezera mwala m'madzi mmene unakhalira, mbali yonyowa pansi, chifukwa ukauma padzuwa zonse zokhala pamenepo zimafa.