Mafunso Anu: Moon Sung-min ameneyu ndi ndani?

FUNSO: Amalume, ndine mayi wa ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, kumudzi ndi ku Mangochi. Mwana wanga wa zaka 16 ndi wamtali zedi ndiye kusukulu anamuika mu timu ya volebo, pano za mpira wamiyendo anasiya, tsiku lonse ali pafoni kuonera mavidiyo a osewera wina wa ku Korea dzina lake Moon Sung-min, data kumangotha. Akuti iyeyo anakasewera ku Ulaya ndiye nayenso akufuna apite akamaliza matric, mayeso omaliza a sekondale kuno. Munthuyu ndi ndani, nanga ku Ulayako kunamupindulira? Ndithandizeni ndisamangomukalipira mwana pa zinthu zomwe sindikuzidziwa.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa kaye, ndipo ndikuuzeni kuti mwana wanu ali ndi diso, wasankha munthu weniweni.

Moon Sung-min anabadwa mu 1986 ku South Korea, kutalika kwake ndi 198 cm, ndipo ntchito yake mu timu inali yomenya mpira pa neti ndi kuseva mwamphamvu, seva yolumpha ija yoti ukaima kutsogolo kwake manja amafiira. Dzina lake linayamba kumveka ali pa Kyonggi University. Mu 2006, ali ndi zaka 20 zokha, anali kale mu timu ya dziko lomwe inatenga mendulo ya golide pa Asian Games ku Doha, ndiye dziwani kuti ku South Korea mnyamata aliyense amayenera kukagwira usilikali koma amene wawina golide pa masewera amenewa amamuchotsera nthawi yaitali ija ya ku barakisi, choncho mendulo imeneyo inamupatsa mpata woti asewere osadukiza pa zaka zomwe thupi limakhala lili pa mphamvu.

Za ku Ulayazo ndi zoona. Mu 2008 anasaina ndi VfB Friedrichshafen ya ku Germany ndipo sizoni imeneyo timuyo inatenga ligi, kenako mu 2009 anapita ku Halkbank ya ku Ankara, Turkey. Koma zonsezo zinali zaka ziwiri basi, mu 2010 anabwerera kwawo. Ndipo kubwerera kwake kunali ndi phokoso, chifukwa ku Korea matimu amasankha osewera ochoka ku yunivesite mosinthana, ndiye timu ya KEPCO inali itamusankha mu 2008 iye atapita kale ku Germany, atabwera anakathera ku Hyundai Capital Skywalkers ya mu mzinda wa Cheonan ndipo akuluakulu a ligi anamupatsa chilango pa nkhani yomweyo.

Apa ndi pomwe ine ndikufuna mwana wanu amvetsetse, chifukwa mavidiyo afupiafupi aja saonetsa zimenezi. Mbiri yeniyeni ya Moon anaipanga kwawo, mu timu imodzi yomweyo kuchokera 2010 mpaka 2025. Mu 2013 anavulala bondo koopsa akusewerera dziko lake mu mpikisano wa mayiko wa World League, anachita opaleshoni, anthu ena akatero samabwereranso mwakale, koma iye anadzuka mpaka kukhala osewera wopambana onse wa V-League, yomwe ndi ligi ya volebo ya ku South Korea, masizoni awiri otsatizana, 2015-16 ndi 2016-17, ndipo mu 2017 anatsogolera Hyundai Capital kutenga chikho chomwe anakhala zaka 10 akuchisowa. Anachitenganso mu 2019. Atapuma mu 2025 timuyo inapachika nambala 15 yake kuti wina asadzaivalenso. Ulemu wotero sapatsa munthu wongodutsa.

Ku timu ya dziko anaonjezera mendulo ya buronzi ku Guangzhou mu 2010 ndi ya siliva ku Jakarta mu 2018. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti ku Olympics sanapondeko, anyamata a South Korea anapitako komaliza ku Sydney mu 2000, luso lonse lija dziko lonse silinalione pa bwalo lalikulu.

Ndiye mayi musamuletse volebo mwanayo, koma muuzeni kuti a ku Germany aja sanamutole Moon pa msewu, anamuona akusewerera yunivesite ndi dziko lake. Pitani mukaonane ndi kochi wake kusukulu, mufunse ngati angamulumikize ndi kalabu ina kuno ku Gauteng kapena timu za mayunivesite, matric nayo aikhoze chifukwa khomo lake ndi lomwelo. Za data zo mugwirizane naye. Ligi ya ku Korea imayamba mu Okutobala, ndipo nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 7, gemu ya 7 koloko madzulo kumeneko kuno imakhala 12 koloko masana iye ali mkalasi, ndiye mkati mwa sabata foni izikhala kunyumba, azionera Loweruka m'mawa.