Udzu sungaimitse Shire, koma dayiki payokha siikwanira

Achimwene, mwafunsa ngati nkhani yobzala vetiva, nsungwi ndi mitengo ingatetezedi malo ngati Nchalo ndi Bangula ku madzi osefukira, kapena tingolimbikira kupempha dayiki ya simenti. Ndikuyankheni monga munthu amene wagonapo kawiri m'kalasi ya pulayimale madzi atalowa m'nyumba.

Tisanamizane. Madzi ngati a Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023, palibe udzu umene ungawaimitse. Ruo akadzaza n'kutsekereza Shire pa Chiromo, madzi amabwerera m'mbuyo, ndipo chopulumutsa ndi kusamukira kumtunda msanga. Anthu a ku Makhanga amadziwa bwino zimenezi.

Koma madzi amene amatizunza chaka ndi chaka pa ma trading centre si a Shire okha ayi. Ndi a mitsinje yochokera kumapiri, monga Mwanza, Lalanje ndi Thangadzi. Taimani pa mlatho wa Mwanza pa msewu wa M1 mu Okutobala, muone mchenga pamene wafika. Mtsinje unakwiririka, ndiye mvula ikagwa kumtunda madzi alibe podutsa, amangotayikira m'minda ndi m'midzi. Mchengawo ukuchokera m'mapiri amene tinawameta chifukwa cha makala, komanso m'magombe amene timalima mpaka khasu kugunda madzi. Mukamanga dayiki mchenga ukubwerabe, pakapita zaka mtsinje umakwera n'kulingana nayo. Tsiku loti yabooka, madzi ake amabwera mwaukali kuposa kale.

Apa m'pamene vetiva amagwira ntchito. Mizu yake imalowa pansi molunjika, mpaka mamita awiri kapena atatu, n'kumanga dothi ngati ukonde. Amalume anga anabzala mzere kumapeto kwa dimba lawo, zitsa zotalikirana ngati chikhatho, kumbuyo kwake n'kusiya bango ndi nsenjere. Madzi atatsika tinapita kukaona: kwa aneba gombe linadyeka mpaka nthochi zinagwera mumtsinje, pomwe kwa amalume matope anaunjikana kuseri kwa udzuwo, ndipo m'matope omwewo anabzalamo mbatata. Dayiki yadothi nayonso imafuna kuvekedwa udzu womwewu, apo ayi mvula ndi ziboda za ng'ombe zimaigumula pang'onopang'ono.

Vuto lake ndi mbuzi ndi ng'ombe zathuzi. Tabzalapo mbande zambirimbiri pamwambo, kujambulitsa zithunzi, pofika Seputembala osapezapo n'umodzi womwe. Ngati amfumu ndi komiti ya m'mudzi sagwirizana za chindapusa cha ziweto zolekerera, musavutike n'kubzala. Mtengo uliwonse umafuna mwini wake ndi mpanda waminga.

China chimene ambiri safuna kumva n'chakuti dambo ndi nkhokwe ya madzi. Elephant Marsh, dambo lalikulu la m'mbali mwa Shire, imene mu 2017 inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, imameza madzi ochuluka a Shire n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Timadambo ta m'mbali mwa misika timachitanso chimodzimodzi, koma tikutithira dothi n'kugawana mapuloti, ngalande n'kuzidzaza majumbo ndi zikonyo za chimanga. Kenako tidabwe kuti madzi alowa bwanji m'golosale?

Mwafunsanso za nyumba zong'aluka ndi zimbudzi zotitimira. Ku Jakarta, mzinda waukulu wa dziko la Indonesia, nthaka ikumira chifukwa chopopa kwambiri madzi apansi, moti boma lakumeneko likumanga likulu lina. Kwathu kuno vuto lalikulu ndi makande, makamaka cha ku Ngabu. Dothili limang'ambika m'chilimwe mpaka phazi la mwana kulowa, mvula ikagwa limafufuma, ndipo maziko amavina nalo. Choncho madzi a padenga muwatsogolere kutali ndi khoma, kumene mwabzala nthochi kapena udzu, ndipo nimu musamubzale pafupi ndi nyumba, chifukwa amayamwa chinyezi mbali imodzi, dothi n'kutitimira, khoma n'kutsatira.

Ndiye pamsonkhano wanu wa Loweruka dayikiyo ipempheni ndithu. Koma mufunsenso kuti adzaibzala udzu ndani, ziweto adzaletsa ndani, komanso anthu olima m'gombe apatsidwa malo ati, poti munthu sungamuchotse pa dimba limene likumudyetsa popanda kumuuza kolowera.