Dzenje la njerwa lingasanduke dziwe lokongola?

FUNSO: Tamanga nyumba yamakono kumudzi, ndipo pamene tinkaumba njerwa patsala dzenje lomwe limadzaza madzi dzinja lililonse. Ine ndikufuna likhale dziwe lozunguliridwa ndi maluwa, koma bambo akunyumba akuti tilikwirire poopa udzudzu. Nditani? Ndine mayi wa ku Thondwe, Zomba.

YANKHO: Mayi, musalikwirire, koma nkhawa ya bambowo musayitaye. Udzudzu umaswana m'madzi osaya, ofunda, opanda chowudya. Ikanimo nsomba, makumba kapena chilunguni, zizidya mphutsi zake, ndipo pakati pa dziwe pakhale pozama ngati mita imodzi kuti kutentha kwa Okutobala kusaliphwetse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi gombe. Maenje a njerwa amakhala ndi makoma ochita phompho, mwana akagweramo alibe pogwira. Semani m'mbali monse mukhale motsetsereka pang'onopang'ono, kenako sinjani dothi la pachulu lonyowa pansi ndi m'mbali mpaka lilimbe kuti madzi asamalowe pansi. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, mpanda wokhala ndi chitseko uyambe kumangidwa, maluwa abwera pambuyo. Kumtunda komwe madzi amvula amachokera dzalani mzere wa vetiva, uzigwira matope asanafike m'dziwe.

Kukongola kwa masiku ano sikuchulutsa mitundu ya maluwa ayi. Sankhani zomera zitatu kapena zinayi, chilichonse chidzalidwe pagulu. Ine ndikadaika gumbwa mbali imodzi yokha, kanjedza chapatali pang'ono, ndi nyika pamadzi, zija za maluwa obiriwira ngati thambo zomwe anzathu a ku Nsanje amadya mizu yake. Masamba a nyika asaphimbe madzi onse, theka likwana. Mbali yoyang'ana khonde isiyeni poyera, muyalepo miyala yaphanthiphanthi ndi benchi la thabwa, kuti mukakhala pakhonde muziona madzi.

Namasupuni yekha ndikukupemphani, ngakhale wina akupatseni ulere, mukane. Maluwa ake ndi okopa, koma ndi yemwe uja amatseka mtsinje wa Shire mpaka kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Kadziwe kanu angakadzaze nyengo imodzi.

Mango ndi bulugamu zikhale kutali: masamba akagwera m'madzi amawola ndi kununkha, nsomba n'kufa. Kusema ndi kusinja muchite m'chilimwe dzenje lili louma, kudzala kudikire mvula ikakhazikika mu Disembala.